Mmene mungathandizire ana kujambula za chitetezo chawo pa tchalitchi

Mwana wa zaka 7 mukamufunsa pamaso pa akuluakulu ngati amakhala mosaopa kanthu pa tchalitchi, adzayankha kuti "inde" funso lisanathe n'komwe, chifukwa kwathu kuno mwana amaleredwa kuti asamatsutse wamkulu, ndipo kuyang'ana pansi n'kuvomera ndiwo ulemu umene anaphunzitsidwa. Koma mwana yemweyo mukamupatsa pepala ndi khala n'kumusiya kwa kanthawi, amayamba kuonetsa malo amene amakonda kukhala, anthu amene amathamangirako anzake akamuputa, ndiponso ngodya zimene amazilambalala. Malangizo awa alembedwera akatekisiti, alangizi a ana a Tilitonse ndi a Utumiki wa Ana, amayi a m'miphakati ndi ena onse amene amasamalira ana m'matchalitchi a Katolika m'boma la Salima, kuyambira pa boma penipeni mpaka ku nthambi za m'mbali mwa nyanja. Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri, koma imafuna kuti akuluakulu avomereze mfundo imodzi asanayambe, yakuti chithunzi ndi mawu a mwana, ndipo amene wachipempha akhale wokonzeka kumva zimene chikunena ngakhale zitakhala zosakomera tchalitchi.

Kufunsa ana motere kukugwirizana ndi zimene Mpingo weniweniwo ukulamula. M'chaka cha 2014 Papa Francis anakhazikitsa komiti ya ku Vatican yoona za chitetezo cha ana, ndipo mu Febuluwale 2019 anaitanitsa ku Rome atsogoleri a mabungwe a mabishopu a dziko lonse lapansi kuti akambirane za nkhanza zochitikira ana mu Mpingo. Mu Meyi chaka chomwecho anatulutsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi, limene linalamula dayosizi iliyonse kukhala ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo, ndiponso linapereka udindo kwa ansembe ndi asisitere kuti azikanena akamva za nkhanza zotere. Kumbali ya boma kuli lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice Act, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Komabe malamulo onsewa sangakuuzeni kuti chitseko cha chimbudzi cha kuseri kwa holo sichitsekeka, kapena kuti kwaya ya ana ikaweruka madzulo pali atsikana awiri amene amadutsa okha m'munda wa chimanga. Zimenezo amazidziwa ndi ana.

Zoyenera kukonza ana asanafike

Yambani ndi bambo mfumu, ndipo ngati muli ku nthambi, dziwitsaninso katekisiti ndi wapampando wa komiti ya tchalitchi. Pokambirana nawo musangopempha chilolezo cha malo ndi tsiku, koma mufunse mosapita m'mbali kuti ndi ndani amene amalandira madandaulo okhudza ana m'parishimo, ndiponso kuti nkhani ikakula imapita kwa ndani ku dayosizi. Mbali yaikulu ya Salima ili mu Arkidayosizi ya Lilongwe, ndipo bambo mfumu ndi amene angakupatseni dzina ndi nambala yoyenera. Lembani nambalayo papepala limodzi pamodzi ndi ya ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma, ya apolisi othandiza ozunzidwa amene ambiri amawadziwa kuti a Victim Support, ndi nambala yaulere ya ana ya 116. Pepala limeneli likhale m'thumba mwanu pa tsikulo. Ngati palibe amene angakuyankheni momveka kuti dandaulo limapita kuti, imitsani kaye ntchito yonseyo, chifukwa kufunsa mwana za mantha ake pamene mulibe kopita nawo ndi kumulakwira kawiri.

Makolo auzidwe kudzera m'miphakati, osati m'zolengeza za pambuyo pa Misa zokha, pamene anthu amakhala atatopa ndipo ena ayamba kale kutuluka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene Bishopu Patrick Kalilombe analimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe, kumphakati ndi kumene nkhani za Mpingo zimakambidwa anthu atakhala pamphasa n'kumafunsa mafunso. Afotokozereni kuti awa si mayeso a katekisimu, sipadzakhala wopambana, ndipo mwana amene sakufuna kujambula sadzakakamizidwa. M'madera ambiri a Salima ana a Chikatolika amasewera ndi anzawo a Chisilamu ndi a mipingo ina, ndipo ena adzabwera nawo. Alandireni, bola makolo awo akhale atadziwa.

Nkhani ya amene atsogolere ndi imene imafuna kulimba mtima. Pakhale akuluakulu osachepera awiri, wamwamuna ndi wamkazi, amene si a banja limodzi, ndipo pasakhale nthawi imene mmodzi watsala yekha ndi mwana pamalo obisika. Kuwonjezera apo, munthu amene ali ndi mphamvu pa anawo tsiku ndi tsiku asatsogolere gulu lake lomwe. Katekisiti amene amasankha ana olandira Ukaristia woyamba asinthane ndi mnzake wa nthambi ina, ndipo amene amaphunzitsa ana otumikira pa Misa kapena a Stella, atsikana ovina pa Misa, asakhalepo pamene ana akewo akujambula. Izi sizitanthauza kuti munthuyo akuganiziridwa zoipa. Mwana sangajambule momasuka pamene amene angamuchotse pamndandanda wa Ukaristia akumuyang'ana pamwamba pa phewa, ngakhale munthuyo atakhala wabwino chotani, ndipo mtsogoleri wokhwima maganizo amamvetsa zimenezi popanda kukwiya.

Malo akhale oonekera koma opanda khamu la oonerera: pansi pa mtengo wa mango, kapena m'kalasi imene zitseko ndi mawindo ake ndi zotsegula. Sakristiya ndi nyumba ya ansembe si malo a ntchitoyi. Kutentha kwa Salima m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumafoola ana dzuwa likangokwera, choncho yambani m'mawa. M'nyengo ya mwera konzeranitu timiyala topsinjira mapepala. Ana amene ayenda mtunda wautali kudzapemphera amakhala ndi njala Misa ikatha, ndipo thobwa kapena mbatata yophika zimathandiza kuposa nyimbo iliyonse yowadzutsa. Gulu lisapitirire ana 12, ndipo agaweni motsata misinkhu: a zaka 5 mpaka 8 paokha, a zaka 9 mpaka 12 paokha, ndipo achinyamata a zaka 13 mpaka 17 agawidwenso atsikana kwaokha, anyamata kwaokha. Ambiri amafuna kuchita zimenezi pa chikondwerero cha Epifania, pamene ana a Utumiki amatsogolera mapemphero, kapena pa 16 Juni, tsiku la mwana wa mu Africa. Masiku amenewa ndi abwino poonetsa zithunzi, koma kujambula kwenikweniko kuchitike masabata angapo tsikulo lisanafike, popanda ng'oma ndi alendo olemekezeka.

Zipangizo

Makrayoni akapezeka ndi bwino, koma musayembekeze thandizo la kunja kuti muyambe. Makatoni a ku golosale otumbulidwa bwino, kuseri kwa makalendala akale, ndi mapepala a matumba a simenti zonse zimagwira ntchito, kungoti pa thumba la simenti tengani pepala lapakati, mulikutumule ndi kulipukuta, chifukwa fumbi la simenti limayabwa ndi kuwotcha khungu. Makala amapereka mtundu wakuda, katondo kapena njerwa yoperapera amapereka wofiira, choko kapena phulusa woyera, ndipo masamba a nkhwani akatikitidwa papepala amasiya wobiriwira. Zomatira zimapangidwa kukhitchini: sungunulani masupuni 2 a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi ozizira, ikani pamoto wochepa mukutakasa mpaka phalalo litalimba n'kuyamba kunyezimira, kenako lisiyeni lizizire ndipo mulimalize tsiku lomwelo lisanasase. Mwana akapaka phalalo papepala n'kuwazapo mchenga wa kunyanja, njira ndi bwalo zimaoneka bwino kwambiri, ndipo tizidutswa ta mlaza, ta chitenje ndi tizigoba ta nkhono timamatika mosavuta. Mapensulo asongoleni nokha usiku wake, kuti malezala asapezeke m'manja mwa ana.

Dongo lisasowe. Pali ana amene pepala limawachititsa manyazi chifukwa limawakumbutsa sukulu kumene amakalipiridwa, koma anazolowera kuumba ng'ombe ndi magalimoto kudambo, ndipo mwana wosaona amatha kuumba zimene mnzake akujambula. Mwana wachialubino akhale pamthunzi wokwanira, apatsidwe makala kapena mitundu yooneka kwambiri, ndipo aloledwe kuyandikitsa nkhope papepala mmene akufunira popanda womuseka.

Ana ambiri amaganiza kuti chithunzi cha kutchalitchi chiyenera kufanana ndi zimene anaona m'mabuku a katekisimu, ndipo amayesa kukopera angelo ndi nyumba zimene sanazionepo. Apa chitsanzo chili pafupi, pamsewu wa M5 kupitirira Chipoka kulowera ku Mtakataka. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko akhala akuonetsa nkhani za Uthenga Wabwino ndi nkhope, zovala ndi ziwiya za Achewa, Angoni ndi Ayao. Auzeni ana kuti tchalitchi lawo lomwelo, la malata kapena la udzu, ndi mbuzi zimene zimagona pakhonde pake, ndilo lofunika papepalapo.

Tsiku lojambula

Yambani ndi nyimbo imene ana amaidziwa ndi sewero lalifupi lotchulana mayina, kenako khalani pansi pamphasa pamodzi nawo. Mawu oyamba anenedwe mosabisa, chifukwa ndi amene adzakutetezeni inu ndi mwana nkhani yovuta ikatuluka. Mungathe kunena motere: "Ana inu, lero palibe kukhoza kapena kulakwa, ndipo palibe amene achonge mapepala anu. Zimene mundiuze sindikaziulutsa kwa anzanu kapena m'mudzi. Koma ndikamva kuti pali wina amene akukupwetekani, ndidzauza munthu amene ntchito yake ndi kukutetezani, ndipo ndidzakuuzani ndisanatero." Musalonjeze kusunga chinsinsi cha chilichonse. Uku si kolapa, ndipo inu simuli pansi pa lamulo la chinsinsi cha sakramenti limene limamanga wansembe.

Mukangoti "jambulani tchalitchi lathu lotetezeka", mudzalandira nyumba 12 zofanana, iliyonse ndi mtanda pamwamba ndi maluwa pakhomo, chifukwa ana adzajambula zimene akuganiza kuti zikusangalatsani. Funso likhale la mwana mwiniyo ndi la malo enieni: "Jambula malo a pano pa tchalitchi pamene mtima wako umakhala m'malo, ndipo udzijambulemo iwe ndi amene umakhala nawo." Musajambule chitsanzo pabolodi, ndipo atalikitseni pang'ono kuti asakoperane. Apatseni mphindi 30 kapena 40, ndipo inu muziyendayenda pang'onopang'ono osakonza dzanja la mwana, osanena kuti munthu alibe khosi kapena kuti thambo silikhala lofiira. Mwana amene wakhala osagwira khala musamufulumize. Nthawi zina amayamba anzake atatsala pang'ono kumaliza.

Ana aang'ono akamaliza, achititseni ntchito yachiwiri ya dzanja. Mwana aliyense aike dzanja lake papepala n'kulizunguliza ndi pensulo, ndipo pa chala chilichonse ajambule kapena alembe munthu wamkulu mmodzi amene angamuuze akachita mantha. Muwalimbikitse kuti ena mwa anthu asanuwo akhale a kunja kwa nyumba yawo, monga aphunzitsi, asisitere, agogo a kumphakati kapena amayi a mnzawo, pakuti nthawi zina vuto limakhala pakhomo pomwepo. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amayesedwa papepala limeneli. Mwana amene zala zake zitatu zatsala zopanda munthu wakuuzani chinthu chachikulu, ndipo afunika kuti wina wa mumphakati wake ayambe kumuyandikira.

A zaka 9 kupita m'tsogolo amapindula kwambiri ndi mapu. Lumikizani makatoni angapo, ndipo ana ajambule okha malo onse a tchalitchi: nyumba yopemphereramo, sakristiya, holo, mjigo, zimbudzi, bwalo la mpira, pokwerera njinga za kabaza, ndi njira zonse zimene amadzera pochokera kwawo, kuphatikizapo zodutsa m'dimba, pamlatho kapena kugombe. Kenako mwana aliyense apatsidwe njere za chimanga ndi tizidutswa ta makala, aike chimanga pamalo amene amamasuka ndi khala pamalo amene amawapewa. Azipita pamapupo mmodzimmodzi ena atatembenuka, ndipo wamkulu azilemba m'kope malo okha popanda dzina la mwana. Musadabwe makala akaunjikana pamalo amene inu mumadutsa tsiku lililonse osaona vuto. Zifukwa zake nthawi zambiri zimakhala zosavuta kukonza, monga udzu wautali, agalu, anyamata akuluakulu amene amalanda mpira, kapena mdima, koma nthawi zina chifukwa chake chimakhala munthu.

Kumvetsera chithunzi

Apa ndi pamene ntchito yabwino imaonongeka kawirikawiri. Akuluakulu timafulumira kumasulira zithunzi za ana ngati sing'anga woombeza ula, kuti mtundu wakuda ukutanthauza chisoni, munthu wamkulu manja ndi wankhanza, mwana wojambulidwa pakona ndi wosalidwa. Palibe mtundu kapena kaonekedwe ka chithunzi kamene pakokha kangatsimikize kuti mwana akuzunzidwa kapena kuti ali pamtendere. Mwana amajambula ndi khala chifukwa krayoni yofiira inali ndi mnzake, ndipo ana aang'ono ambiri amajambula munthu wa mutu waukulu amene miyendo yake imachokera pamutu pomwepo. Tanthauzo la chithunzi lili ndi amene wachijambula, ndipo njira yokha yolipezera ndi kumufunsa.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa zaka 9 wajambula mjigo waukulu pakati pa pepala, amayi atatu ali ndi zidebe, mtengo wa mlambe, ndipo tchalitchi waliika laling'ono kumapeto kwenikweni, lopanda chitseko. Wofulumira adzati mwanayu akuliopa tchalitchi. Mlangizi wodekha amakhala pambali pake, pamalo pamene ena akuwaona koma osamva, n'kunena kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi." Mwana angayankhe kuti, "Apa ndi pamjigo, aphunzitsi. Amayiwa amatipatsa madzi tikamaweruka." Mlangizi n'kupitiriza: "Nanga iwe uli pati?" "Ndili apa, pafupi ndi amayi a mnzanga." "Chimakusangalatsa n'chiyani pamenepa?" "Pamakhala anthu ambiri, anyamata aja sabwera." Mawu omalizawo ndiwo ofunika kuwatsata, ndipo funso lake ndi lakuti, "Tandiuza za anyamatawo," osati "Anakugwira eti?" Mwina chitseko chinasowa chifukwa pepala linatha. Zimene mwaphunzira n'zakuti mwanayu amamasuka pamene pali amayi ambiri, ndipo pali gulu la anyamata limene muyenera kulidziwa.

Mafunso abwino ndi amene sayika yankho m'kamwa mwa mwana: uyu ndi ndani, akuchita chiyani, kenako chimachitika n'chiyani, pali china chimene ukanafuna kuwonjezera. Pewani funso lakuti "chifukwa chiyani", chifukwa kwa mwana limamveka ngati chiyambi cha chilango. Lembani mawu ake mmene wawanenera, osawakongoletsa, papepala lapadera kapena kuseri kwa chithunzi iye akalola. Samalaninso kuti musanyadire poyera mwana amene wajambula bambo mfumu kapena inuyo monga womuteteza, chifukwa ena onse adzaphunzira nthawi yomweyo kuti yankho lokondweretsa ndi limenelo. Ndipo mwana akasiya kujambula wansembe, katekisiti kapena bambo ake omubereka, musamufunse pagulu kuti wawasiyiranji.

Mwana akaulula za nkhanza

Ana ambiri adzakuuzani za mjigo, za nyimbo ndi za anzawo, ndipo tsiku lidzatha bwino. Koma mwana wina akanena kuti pali amene amamumenya koopsa, kumugwira malo obisika, kumupatsa ndalama kapena zinthu kuti apite naye kwaokha, kapena kumuopseza kuti asanene, khalani chete mumve mpaka amalize. Musaonetse kudzidzimuka kapena mkwiyo, ngakhale dzina limene watchula litakhala la munthu amene mumamulemekeza. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, kuti iye sanalakwe, ndiponso kuti mukauza munthu amene angathandize. Musamufunse mafunso ambiri ofufuza, musamuvule kuti muone zipsera, ndipo musamubwerezetse nkhaniyo pamaso pa akomiti, chifukwa kufufuza ndi ntchito ya apolisi ndi a zachisamaliro amene anaphunzira kulankhula ndi ana. Lembani tsiku, nthawi ndi mawu ake enieni, ndipo chithunzicho chisungeni.

Nkhaniyo ipite tsiku lomwelo kwa woyang'anira za chitetezo cha ana mu Mpingo ndiponso kwa apolisi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Kunena ku Mpingo sikulowa m'malo mwa kunena ku boma, ndipo lamulo la 2010 lija limapereka udindo wodziwitsa akuluakulu oyenera kwa achibale, osamalira ana ndi anthu a m'mudzi amene akukhulupirira kuti mwana akuzunzidwa. Ngati amene watchulidwa ndi yemweyo amene mumayenera kumuuza, mulambalaleni n'kupita pamwamba pake. Mwana amene wagwiriridwa afike kuchipatala mwamsanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Musapite kukakumana ndi woganiziridwayo, ndipo musalole kuti nkhaniyo ikathere pabwalo la mabanja ndi mbuzi kapena ndalama. Padzakhala anthu abwino ndithu amene adzati tisaipitse dzina la Mpingo, tikambirane mwachibale. Kuganiza kumeneko ndi kumene kunabweretsa mavuto amene malamulo a 2019 anabwera kudzathetsa. Makolo auzidwe mwamsanga, kupatula ngati woganiziridwayo ndi wa m'nyumba momwemo, pamene muyenera kuyamba mwafunsa a zachisamaliro za kumene mwanayo agone usiku umenewo.

Chionetsero ndi zotsatira zake

Chithunzi ndi cha mwana, choncho iye ndi amene anene ngati chipachikidwe, chipite kwawo kapena chisungidwe. Zimene zili ndi nkhani yovuta kapena zotchula munthu moipa sizipachikidwa konse, ndipo mapepala a dzanja apite ndi eni ake kunyumba. Zotsalazo zimangirireni pachingwe pakhonde la tchalitchi ndi zopanira zovala, pamsinkhu woti ana aziona osanyamulidwa, chilichonse chili ndi zaka za mwana ndi mawu ake ochepa, koma popanda dzina lonse kapena mudzi. Musasankhe zokongola zokha, ndipo musapereke mphotho. Mpikisano umaphunzitsa ana kujambula zokondweretsa oweruza, ndipo chaka chotsatira simudzamvanso zoona. Amene akufuna kutumiza zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook ajambule mapepala okha popanda nkhope za ana, ndipo atero makolo atalola.

Zimene zatuluka pamapu zifotokozedwe ku komiti ya tchalitchi pasanathe masabata awiri, popanda kutchula mwana aliyense. Komiti isankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zimene ingathe kuchita ndi manja ake: kuika chitseko ndi loko wa m'kati pachimbudzi cha atsikana, kulambula njira ya kuseri, kusintha nthawi ya kwaya kuti ana aziweruka dzuwa lisanalowe, kukhazikitsa lamulo lakuti ana otumikira azivala m'sakristiya chitseko chili chotsegula ndiponso pali wamkulu wachiwiri, kapena kugawana masabata kuti amayi a Chikatolika awiri azikhala pabwalo ana akamaphunzira. Chilichonse chikhale ndi munthu amene wachisenza ndi tsiku loti chikhale chitatha, ndipo zilembedwe m'buku la msonkhano.

Kenako bwererani kwa ana omwewo mukawauze zimene zachitika ndi zimene sizinatheke. Ngati anapempha mpanda ndipo ndalama palibe, auzeni choncho, ndipo muwauze chimene mwachita m'malo mwake. Mapu aja asungidwe ku ofesi ya parishi kapena kwa katekisiti pamalo osafika chiswe, pamodzi ndi kope la malo amene munalemba, ndipo pakatha miyezi 6 gulu lomwelo liikenso chimanga ndi makala pamapu omwewo. Ndi bwino kuti ulendo wachiwiriwu ugwe m'nyengo ina, chifukwa njira imene ili poyera mu Ogasiti imakhala itabisika m'chimanga chachitali mu Febuluwale, ndipo mtsinje umene ana amaudumpha m'chilimwe umakhala utasefukira mvula ikalimba.